Malaiti anapita pakati pa upgrade

Masana ndine kalaliki wa katundu pa kampani ina ku Heavy Industrial Area, cha ku Mungwi Road. Nchito yanga ndi kuwerenga makatoni amene atsika m'thiraki ndi kulemba pa bin card. Ndikakomboka ndimayenda wapansi kupita ku kawailesi kathu ka m'komboni, kumene ndimathandizako popanda malipiro. Studio yake ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo. Muli maikolofoni awiri, mixer, ndi kompyuta imodzi yakale imene tinachita kupatsidwa. Nyimbo, zilengezo za maliro, mauthenga a ku kiliniki, zonse zimadutsa m'kompyuta imeneyo.

Amene anaikamo Ubuntu 22.04 ndi mnyamata wina amene pambuyo pake anapeza nchito ku migodi ku Solwezi. Anatisiyira password pa kapepala, zina zonse anapita nazo m'mutu. Ine ndinali kudziwa kutsegula Audacity, kudula mawu, ndi kuika uthenga pa ndandanda. Zimene zinali pansi pake sindinali kuzidziwa, ndipo sindinali kuona chifukwa chozidziwira.

Mu Januwale 2024 kolera inali itavuta kwambiri mu Lusaka. Heroes Stadium anaisandutsa chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anakhala otseka mpaka pa 12 Febuluwale. Ku Kanyama, ku George, ku Matero, aliyense anali kudziwa nyumba imene mwatuluka wodwala. Ife tinajambula mauthenga afupiafupi m'Chinyanja ndi m'Chibemba: wiritsani madzi akumwa kapena muthiremo klorini, munthu akayamba kutsegula m'mimba, sakanizani lita imodzi ya madzi aukhondo ndi masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere, mum'mwetse, ndipo muthamange naye ku kiliniki osayembekeza kuti kuche. Mauthengawa anali kuyamba kumveka 06:00, nthawi imene azimayi ali pa mzere wa madzi, mafoni ali m'chitenge.

Usiku wina ndinatsala ndekha mu studio. Bandulo ya intaneti inali kutha tsiku lomwelo, ndipo zinandiwawa kuti ipite yosasewenzetsa. Ndinakumbukira mizere iwiri imene ndinaonapo mnyamata wa ku Solwezi akulemba. Ndinatsegula terminal, ndi kulemba sudo apt update, kenako sudo apt upgrade. Panatuluka mndandanda wautali wa maina amene sindinawerenge ngakhale limodzi. Inandifunsa ngati ipitirize. Ndinavomera.

Ili pakati pa nchito, kunja kunayamba chimphepo, mvula n'kutsatira, malaiti n'kupita. Tinalibe batire lothandizira kompyuta. Ndinakhala mumdima pang'ono, ndinakiya chitseko, ndi kupita kunyumba ndili ndi mtima woti mawa idzayaka monga mwa masiku onse.

M'mawa 05:00 malaiti anali atabwera. Ndinayatsa kompyuta. M'malo mwa zithunzi zimene tinazolowera, panali chabe chinsalu chakuda ndi timalemba toyera tofunsa dzina. Audacity kulibe, ndandanda kulibe, mbewa sikuyenda. Mayi amene amaulutsa pulogalamu ya m'mawa anali atafika kale, ataimirira kumbuyo kwanga osakamba kanthu.

Ndinatumira foni mdala wina wa ku Matero amene amasamalira makompyuta ku kampani kwathu.

"Ba mudala, pepani kukuutsani. Kompyuta ya ku wailesi yafa."

"Yafa bwanji? Siyaka?"

"Iyaka, koma ionetsa chabe vakuda na tumalemba."

"Ndiye kuti sinafe iyo, mwana. Ngena na password, unibelengele vamene ikamba."

Ndinalowa. Anandiuza kuti ndiyese apt. Kompyuta inayankha m'Chingelezi kuti dpkg inasokonezedwa ili pakati pa nchito, ndipo inatchula yokha mzere umene ndinayenera kulemba kuti ikonzeke. Ndinafuna kuulemba pamenepo. Mdalayo anandiletsa. Anati dzulo ndinavomera chinthu osachiona, lero ndiyambe ndaona. Anandilembetsa ichi:

dpkg -l | grep -v '^ii'

Panatuluka mizere yambiri, uliwonse ukuyamba ndi zilembo ziwiri. Ina inali iU, ina iF, ina rc. Ndinamuwerengera.

"Iwe ndiwe wa ku stores," anatero. "Chilembo choyamba ni order. Chachibili ni vamene vilipo zoona. Manje niuze, katundu wako ali pati?"

Apa m'pamene ndinamva, chifukwa nkhani imeneyo ndimakhala nayo tsiku lililonse. Katundu amene kampani yaitanitsa ndi katundu amene ali pa shelefu si chinthu chimodzi. Pakati pake pali katoni imene yatsika m'thiraki koma sinatsegulidwe, imene yatsegulidwa koma sinawerengedwe, ndi imene inabwezedwa koma mapepala ake akali mu faelo. Kalaliki amene sasiyanitsa zimenezi amadzachotsedwa nchito pa stock-taking.

Kompyuta ya Ubuntu imachitanso chimodzimodzi. Pulogalamu iliyonse imabwera monga phukusi, ndipo phukusi lililonse lili ndi khadi lake. Chilembo choyamba chimaonetsa chimene mwiniwake wa kompyuta wafuna: i ndi kuti liikidwe, r lichotsedwe, p lichotsedwe pamodzi ndi mafaelo ake onse a makonzedwe, h ligwidwe pamene lili osasinthidwa. Chilembo chachiwiri chimaonetsa pamene phukusilo lafika: i laikidwa ndipo latha, U lamasulidwa koma silinakonzedwe, F linayamba kukonzedwa n'kulekezera panjira, H linayamba kuikidwa n'kulekezera, c linachotsedwa koma mafaelo a makonzedwe atsala, n palibe. Ndiye ii ndi katundu amene anaitanitsidwa ndipo ali pa shelefu. Mzere umene mdala anandilembetsa unali kubisa onse a ii kuti ndione otsalawo. Ma rc analibe vuto, anali mapepala akale chabe. Ma iU ndi ma iF ndiwo anali makatoni amene malaiti anawapeza ali pakhomo.

Kenako anandilola kulemba sudo dpkg --configure -a, imene imatsiriza kukonza phukusi lililonse limene linatsala panjira. Itatha, tinalemba sudo apt --fix-broken install kuti ilumikize zimene zinaduka. Ndinada nkhawa chifukwa bandulo inali itatha pakati pa usiku. Koma apt imayamba yakoka mafaelo onse pa intaneti n'kuwasunga mu /var/cache/apt/archives isanayambe kuika ngakhale limodzi. Katundu yense anali m'nyumba kale. Chinatsala chinali kum'konza.

Kompyuta yakale siithamanga. 06:00 inakwana ikali kulemba mizere yake. Mayi wa pulogalamu ya m'mawa anatenga pepala limene tinalembapo mauthenga, anayatsa maikolofoni, ndi kuyamba kuwerenga yekha za shuga ndi mchere. Anawerenga m'Chinyanja, anawerenga m'Chibemba, anabwerezanso. Cha m'ma 06:15 ndinayatsanso kompyuta, zithunzi zinabwera, ndandanda inayamba. Mayiyo sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Ngati aja amdala sanayankhe foni, sembe tachita bwanji?" Ndinalibe yankho.

Mlungu umenewo ndinayamba kuwerenga pa nthawi ya chakudya cha masana. Ndinapeza kuti zida zimenezi si za Ubuntu yokha. Zinachokera ku Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993, ndipo Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, inamangidwa pamwamba pake. dpkg ndiye kalaliki: amamasula phukusi, amaliika, ndi kulemba khadi lake mu faelo yotchedwa /var/lib/dpkg/status. apt ndiye wogula: amadziwa kumene katundu amachokera ndi kuti phukusi ili silingasewenze popanda lija. Ndinapezanso dpkg --audit, imene imakuuza mwachidule ngati pali phukusi lililonse limene latsala panjira. Ikakhala chete, ndiye kuti zonse zili bwino.

Koma mantha sanandichoke. Nditadziwa za chilembo cha h, ndinachikonda mopitirira. Ukalemba sudo apt-mark hold ndi dzina la phukusi, apt imalilumpha nthawi iliyonse ya upgrade. Ndinagwira kernel, imene ndi mtima wa dongosolo lonse. Ndinagwira pulogalamu youlutsira. Ndinagwiranso ena angapo amene maina awo anandioneka ofunika. Sindinalembe paliponse. Ndinamva monga munthu amene wakhoma zitseko zonse, ndipo ndinaiwala.

Ku stores tili ndi makatoni ena kumapeto kwa shelefu amene munthu wina anamatapo pepala loti "osakhudza". Palibe dzina, palibe tsiku. Amene anamata anachoka kalekale. Aliyense amaopa kuwasuntha, ndipo chaka chilichonse timawawerenga ndi kuwabwezera pamalo pake. Ndakhala ndikunyoza munthu ameneyo kwa zaka. Sindinaone kuti ndachita zomwezo.

Anandionetsa ndi mtsikana wina wa ku Kanyama amene anabwera kudzathandiza ku wailesi atatsiriza Giredi 12. Iye amawerenga zimene zalembedwa pa kompyuta, mzere ndi mzere, chinthu chimene ine ndinachiphunzira mochedwa. Tsiku lina, patapita miyezi, anandiitana.

"Ba ankolo, apa ikamba ati vinangu vasungiwa kumbuyo, sivizasintha. Nindani anavigwila?"

Analemba apt-mark showhold, maina onse n'kutuluka.

"Ndine," ndinatero.

"Chifukwa chani?"

Pa pulogalamu youlutsira ndinali ndi yankho: timaidziwa mmene ilili, ndipo sitifuna kuti mabatani asinthe malo pakati pa mlungu. Pa enawo ndinalibe. Ndipo kugwira kuli ndi mtengo wake. Phukusi logwidwa sililandira zokonza, kuphatikizapo zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Kompyuta imene timalumikizako mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lililonse inakhala miyezi ndi kernel yosakonzedwa chifukwa cha mantha anga. Tinamasula onse ndi sudo apt-mark unhold, n'kusiya limodzi lokha.

Cholakwa chachitatu chinalinso changa. Disiki inali pafupi kudzala. Ndinachotsa pulogalamu ina yokonzera mavidiyo imene palibe anali kuisewenzetsa, ndipo apt inandiuza kuti pali maphukusi ena amene sakufunikanso, ndingawachotse ndi sudo apt autoremove. Ndinawachotsa. Loweruka tili ndi pulogalamu imene omvera amatumiza mawu awo pa WhatsApp, kudandaula za ngalande zotsekeka, zinyalala, mitengo ya malasha. Mnyamata wa ku Solwezi anasiya kafaelo kamene kamasandutsa mawu amenewo kukhala MP3. Loweruka limenelo kanakana.

Mtsikanayo anatsegula /var/log/apt/history.log, mmene apt imalemba tsiku, ola, lamulo limene linalembedwa, ndi zonse zimene zinalowa kapena kutuluka. Anapeza mzere wanga, ndipo pakati pa zochotsedwa panali ffmpeg, imene kafaelo kaja kamadalira. Apa tinaphunzira kuti apt imasunga chizindikiro china pa phukusi lililonse. Limene unaitanitsa iwe mwini limalembedwa kuti manual. Limene linangobwera moperekeza linzake limalembedwa kuti auto, ndipo amene analibweretsa akachoka, autoremove imaliona monga mlendo wotsalira. ffmpeg inalowa moperekeza pulogalamu ya mavidiyo. Kompyuta inalibe njira yodziwira kuti Loweruka lathu lonse laima pa iyo, chifukwa palibe anaiuza. Tinaibwezera ndi sudo apt install ffmpeg, ndipo poitanitsa ndi dzina lake inakhala manual. Phukusi limene lili kale m'kompyuta ungalisinthe chizindikiro ndi sudo apt-mark manual ndi dzina lake.

Tsiku lomwelo mtsikanayo anapeza kachilembo kamene ndikanakonda kukadziwa mu Januwale. Ukaika -s pa lamulo la apt, mwachitsanzo apt -s autoremove, imakuonetsa zonse zimene ikanachita popanda kukhudza kanthu. Tsopano palibe amene amachotsa kapena kusintha chinthu mu studio asanayese ndi -s ndi kuwerenga mndandanda mpaka pansi.

Chaka chimenecho chinali cha chilala. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika mu Sepitembala masiku ambiri tinali kuona malaiti maola atatu okha. Zimene zinandichitikira kamodzi chifukwa cha mvula zikanatha kuchitika tsiku lililonse. Tinagawa nchito pawiri. Bandulo ikakhalapo timalemba sudo apt upgrade --download-only, imene imangokoka mafaelo n'kuwasunga. Malaiti akapita pamenepo palibe chimene chimawonongeka. Kuika kwenikweni timachita malaiti akangobwera kumene, osati patatsala ola kuti tiulutse, ndipo tikatsiriza timalemba dpkg --audit tisanazime.

Tinagulanso buku la chikuto cholimba, lofanana ndi limene amayi a pa kantemba amalembamo nkhongole, n'kulimangirira ku tebulo ndi chingwe. Aliyense amene waika, wachotsa kapena wagwira phukusi amalemba tsiku, dzina lake, chifukwa chake, ndipo ngati wagwira, tsiku limene adzabwera kudzaonanso. Kumapeto kwa mwezi timalemba mizere iwiri:

apt-mark showmanual > zathu.txt
apt-mark showhold > zogwidwa.txt

Mafaelo awiriwo timawakopera pa fulashi, ndipo fulashiyo sigona mu studio. Palinso dpkg --get-selections imene imatulutsa mndandanda wa maphukusi onse ndi chimene chinafunidwa pa lililonse, koma siisiyanitsa amene tinaitanitsa ndi operekeza, n'chifukwa chake ife timakonda showmanual. Mapulogalamu ena, monga Firefox pa Ubuntu 22.04, amabwera mwa njira ina yotchedwa snap, choncho timalembanso snap list kuti asatsale.

Ena ku wailesi anali kutiseka. Anati tasandutsa studio kukhala ofesi ya boma. Inenso nthawi zina ndinali kuona ulesi, makamaka malaiti akabwera 02:00 ndipo maso akulemera.

Mu Okutobala disiki inafa zenizeni. Inayamba kulira monga njinga yopanda girizi, tsiku lotsatira kompyuta sinaione n'komwe. Unali mlungu wa stock-taking ku kampani, ndipo panalibe zoti ndingachoke. Tinasonkha ndalama, mtsikanayo anakwera minibasi kupita ku town, anagula disiki yakale, ndi kubwerera ku studio kukayembekeza malaiti. Atabwera anaika Ubuntu 22.04 kuchokera pa fulashi, analumikiza intaneti ya pa foni yake, anaonjeza malo kumene pulogalamu youlutsira imachokera monga mmene zinalembedwera m'buku, kenako analemba sudo apt install $(cat zathu.txt). Nyimbo ndi mauthenga tinali nazo pa disiki ina yakunja. Malaiti asanapite anali atatsiriza. Ine ndinali pakati pa makatoni ku Mungwi Road, foni ili m'thumba, ndikuyembekeza kuti ilire. Sinalire.

Madzulo ndinafika ku studio mumdima, ndinayatsa tochi ya pa foni, ndi kutsegula bukulo. Anali atalemba tsiku, zimene anachita, ndi maphukusi awiri amene anakana poyamba ndi mmene anawakonzera. Pansi pake analemba kuti wagwiranso pulogalamu youlutsira, chifukwa chake, ndi kuti tidzaionenso mu Januwale. Anasaina dzina lake.

Ndinakhala pampando kwa kanthawi. Ndivomere kuti kamtima kena kanawawa kuti sanandifune. Mnyamata wa ku Solwezi tinali kumutchula mlungu uliwonse kwa chaka chathunthu, chifukwa popanda iye tinali osowa chochita, ndipo mwina inenso ndinali kufuna kutchulidwa choncho. Koma ndinakumbukira funso la mayi uja m'mawa wa kolera, ataimirira ndi pepala m'manja. Tsopano linali ndi yankho, ndipo linali lomangirira ku tebulo ndi chingwe.

Ambiri a inu amene mumawerenga pano muli ndi laputopu yakale imene munaikamo Ubuntu kapena Linux Mint chifukwa Windows inali kuilemera, kapena mumasamalira kompyuta ya ku tchalitchi, ya ku sukulu, ya pa kabizinesi kosindikiza mapepala. Usiku uno, ngati malaiti alipo, tsegulani terminal mulembe apt-mark showhold, kenako dpkg --audit. Zonse ziwiri zimangoona, siziwononga kanthu. Ngati patuluka dzina limene simudziwa amene analigwira, mufunseni akali pafupi.

Mlungu watha ku stores ndinapempha chilolezo kwa abwana, ndinakwera pa makwerero, ndi kutsitsa makatoni aja a "osakhudza". Munali mababu a mtundu umene kampani inaleka kugulitsa kalekale. Tinawalemba pa khadi, n'kupeza malo a shelefu yathunthu.